Kujambula mbalame za m'tauni m'buku loyenda pakati pa Tete ndi Angónia

Buku loyenda ndi buku limodzi la mapepala oyera limene anthu angapo okhala kutali ndi kutali amapatsirana. Woyamba amajambulamo masamba ake n'kulitumiza kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu, mpaka libwerere kumene linachokera lili ndi zojambula za onse. M'chigawo chathu cha Tete ntchito imeneyi imakoma kwambiri ikakhala ya mbalame, chifukwa mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, pamene Ulongwe, likulu la Angónia, ndi Tsangano zili kumtunda, pamapiri opitirira mamita 1,000, kumene m'mawa wa Juni ndi Julayi umalowetsa munthu m'jekete. Pumbwa wa ku Tete pa nthawi yotentha amaoneka wowonda, nthenga zitamatirira kuthupi ndi kukamwa kuli yasa, koma pumbwa wa ku Ulongwe m'nyengo yachisanu amafufumitsa nthenga mpaka khosi kusowa. Kusiyana kotere kumaoneka pokhapokha aliyense atajambula mbalame yamoyo imene ili pamaso pake. Chithunzi chokopera pa foni kapena m'buku la kusukulu, ngakhale chikongole chotani, sichiuza mnzanu kanthu za kwanuko.

Yambani ndi buku lenilenilo. Msinkhu woyenera ndi wa A5, umene ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, popeza umalowa m'thumba la m'manja komanso m'envulopu wamba. Mapepala a fotokope a magalamu 80 ndi opyapyala kwambiri, ndipo mukakanikiza pensulo, mzere umatulukira kuseri n'kuwononga tsamba la mnzanu. Funsani ku papelariya mapepala a magalamu 160 kapena 200. Ngati buku lotere silikupezeka, lisokeni nokha. Tengani mapepala 20 a A4, muwaike m'magulu a anayianayi, mupinde gulu lililonse pakati, muboole timabowo pamsana ndi singano yaikulu n'kusoka ndi ulusi wolimba. Chikuto chikhale cha katoni yolimba yokutidwa ndi kansalu ka kapulana. Mudzapeza mapepala 40, ndipo pa magalamu 160 pepala lililonse la A5 limalemera magalamu 5, kotero kuti buku lonse silipitirira kwambiri magalamu 200 musanaonjeze chikuto. Kulemerako n'kofunika kukudziwa, chifukwa makampani otumiza katundu amalipiritsa poyang'ana sikelo.

Zolembera sizifunika zambiri. Pensulo ya HB ndi ya 2B n'zokwanira, pamodzi ndi bolopeni yakuda yamba. Ine ndimalimbikitsa bolopeni kwa amene akuyamba kumene, chifukwa sifufutika, ndipo munthu wopanda chofufutira amasiya kukangana ndi mzere umodzi n'kumayang'ana mbalame. Ubwino wina ndi wakuti inki sifalikira buku likamagwedezeka m'galimoto, pamene pensulo yofewa monga 4B imadetsa tsamba loyang'anizana nalo. Musasiye bolopeni padzuwa la ku Tete, chifukwa inki imasungunuka n'kudontha. Nyamulaninso kapepala kapadera koika pansi pa dzanja, kuti thukuta ndi fumbi zisasiye chidindo pa tsamba, makamaka kwa amene amakhala ku Moatize kumene fumbi la malasha limafika paliponse.

Mbalame za m'tauni zimapezeka kumene kuli chakudya ndi madzi, ndiye musavutike kupita kuthengo. Pachigayo pamakhala mpheta ndi njiwa zotola gaga, pamene pafupi ndi pophera mbuzi ndi kudzala la msika pamasonkhana akhwangwala. M'mitengo ya mango, ya mapapaya ndi ya masawu mumabwera apumbwa, ndipo kumabango a m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè kumakhala atchete ndi akakowa. Pampopi wodontha madzi m'nyengo yachilimwe ndi pabwino koposa ponse, chifukwa mbalame yomwa madzi imabwereza kachitidwe kamodzi kambirimbiri. Ku Tete nthawi yabwino ndi kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 8 koloko, ndiponso dzuwa likapendeka, pakuti masana mbalame zambiri zimabisala m'mithunzi. Ku Angónia m'nyengo yozizira mukhoza kuchedwerako pang'ono, popeza mbalame zimayamba zaothera dzuwa pamadenga ndi pamawaya, ndipo mbalame yoothera dzuwa imakhala phee kwa nthawi yaitali.

Khalani pansi, dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo mutsamire khoma kapena mtengo kuti thupi lanu lisaonekere poyera. Mbalame imathawa munthu woyenda molunjika kwa iyo ndi woiloza chala, koma imazolowera msanga munthu wokhala chete. Lolani kuti papite mphindi 10 musanatsegule buku. Ngati malowo ali ndi mwini wake, monga pachigayo kapena pakhonde la sitolo, yambani mwapereka moni n'kufotokoza chimene mwadzera, kuti anthu asakuyeseni wolemba za msonkho. Ana adzabwera ndithu, ena atanyamula malegeni. Musawathamangitse. Apempheni kuti akhale kumbuyo kwanu, ndipo mudzaona kuti amadziwa kumene kuli zisa ndi nthawi imene mbalame iliyonse imatera kuposa akuluakulu ambiri, koma mukanitsitse akafuna kukupherani mbalame kuti muijambule bwino. Pewani kukhala ndi buku lotsegula pafupi ndi malo a asilikali, pachipata cha malire monga Zóbuè ndi Calómuè, kapena pamlatho wa Samora Machel penipeni. Mlathowo, umene unatsegulidwa mu 1973, umaoneka bwino mutakhala patali m'mbali mwa mtsinje, ndipo kumeneko palibe amene angakufunseni mafunso.

Tsopano pa kujambula kwenikweni. Cholakwa cha anthu ambiri ndi kuyamba ndi diso kapena mlomo, kenaka mbalame n'kuuluka atangomaliza mutu. Mbalame yamoyo imakupatsani masekondi ochepa chabe, choncho chiyambi chikhale mzere umodzi wosonyeza kupendekeka kwa thupi, kuchokera kumutu mpaka kunsonga ya mchira. Njiwa yoyenda pansi imakhala yopingasa, pumbwa wotera pansonga ya mtengo amakhala woimirira, ndipo khwangwala ali pakatikati. Pa mzere umenewo ikani thupi, lozungulira ngati dzira, mbali yonenepa ili kuchifuwa, kenaka kampira kakang'ono ka mutu. Mukatero yerekezani kuti mutu ukulowa kangati m'thupi, ndiponso kuti mchira ukutalika bwanji poyerekeza ndi thupilo. Miyeso iwiri imeneyi ikalondola, mnzanu adzaizindikira mbalameyo ngakhale musanaike nthenga ndi imodzi yomwe. Ikalakwika, utoto wonse umene mungapake sungaikonze.

Mbalame ikatembenuka musafufute, ndipo musapitirize kujambula za m'mutu mwanu. Siyani chithunzicho pomwepo, muyambe china pambali pa tsamba lomwelo. Posakhalitsa mudzakhala ndi zithunzi zinayi kapena zisanu zosatha, ndipo popeza mbalame imabwerera ku kaimidwe kake kakale, mudzabwerera ku chithunzi choyamba n'kuonjezerapo phiko, kenaka ku chachitatu n'kuonjezerapo mwendo. Tsamba lotere limaoneka losokonekera, koma ndi limene anzanu adzaliyang'ane nthawi yaitali, chifukwa limasonyeza mmene mbalameyo imakhalira. Njira ina yothandiza ndi kuyang'ana mbalame kwa masekondi 10 osagwira pensulo, mukudzifunsa funso limodzi lokha, monga lakuti nsonga za mapiko zikuthera pati pa mchira, kenaka n'kutsitsa maso n'kujambula yankho lokhalo. Chimene simunachione chisiyeni choyera. Ngati miyendo inabisika mu udzu, jambulani udzuwo.

Pali zinthu zingapo za kapangidwe ka mbalame zimene zimathandiza dzanja kufulumira. Mfundo ya mwendo imene imaoneka yopindikira kumbuyo si bondo ayi, koma ndi chidendene, ndipo bondo lenileni limabisika m'nthenga pafupi ndi thupi. N'chifukwa chake miyendo iyenera kutuluka chakumbuyo kwa mimba n'kupendekera kutsogolo, kuti zala zigwere pansi pa kulemera kwa thupi. Mukaziika kutsogolo kapena kumbuyo kwambiri, mbalame yanu idzaoneka ngati ikugwa. Mbalame zotera m'nthambi zili ndi zala zitatu zoloza kutsogolo ndi chimodzi choloza kumbuyo. Mlomo suyambira pankhope penipeni, koma mzere wa kukamwa umapitirira kulowa m'mutu mpaka chapansi pa diso, ndipo diso limakhala pamwamba pang'ono pa mzere umenewo. Phiko lopinda musaliwerenge nthenga imodziimodzi. Lioneni m'zigawo zitatu: tinthenga tating'ono tophimba paphewa, nthenga zapakati zosanjikizana, ndi nthenga zazitali za kunsonga zimene zimaloza kumchira. Mizere itatu kapena inayi pa chigawo chilichonse ndi yokwanira.

Khwangwala ndiye mphunzitsi wabwino wa oyamba, chifukwa ndi wamkulu, pafupifupi theka la mita kuchokera kumlomo mpaka kumchira, saopa anthu, ndipo ali ndi mitundu iwiri yokha. Vuto lake lili pa kudako. Mukadetsa thupi lonse mofanana, mumapeza chithunzithunzi chopanda thupi. Yang'anani bwino pamsana ndi pamapiko dzuwa likamawomba, ndipo mudzaona kuti pamanyezimira, choncho pamenepo siyani pepala loyera kapena lotuwa pang'ono, n'kudetsa kwambiri pansi pa phiko, pakhosi ndi pakati pa miyendo. Kuyera kwa pachifuwa kumakwera n'kuzungulira kumbuyo kwa khosi, ndipo malire ake amasintha mbalame ikatukula kapena kuweramitsa mutu, ndiye ajambuleni monga mukuwaonera pa nthawiyo. Onaninso kuti khwangwala amayenda mwendo umodziumodzi monga munthu, nthawi zina n'kudumpha chammbali akafuna kuyandikira chakudya, pamene mpheta imadumpha ndi miyendo yonse iwiri pamodzi. Masana otentha mudzamuona ali kukamwa yasa, mapiko atawatambasula pang'ono. Sakudwala, koma akudziziziritsa, pakuti mbalame sizituluka thukuta. Kaimidwe kameneka mukajambule, chifukwa anzanu a ku Furancungo kapena ku Ulongwe sakaona kawirikawiri.

Pumbwa amazindikirika ndi mutu wakuda wa katsumba kakang'ono ndi nthenga zachikasu pansi pa mchira, ndipo kadontho kamodzi ka chikasu pamalo amenewo kamamaliza chithunzi chonse. Mpheta za m'masitolo ndi m'zigayo, zimene yaimuna ili ndi liwombo lotuwa ndi chigamba chakuda pakhosi pamene yaikazi ndi yofiirira ponseponse, si za kuno kwenikweni. Zinabwera ndi anthu ku Durban chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zinafalikira kumpoto motsatira matauni. Pojambula njiwa, chinthu choyamba kuona ndi khosi, popeza zina zili ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi pamene zina zilibe koma zili ndi timadontho pachifuwa. Mutu wa njiwa ndi waung'ono kuposa mmene dzanja limafunira kuujambula, ndiye uchepetseni dala.

Mbalame zouluka zimafuna njira ina. Musayese kujambula thupi, koma gwirani mzere wa mapiko ndi maonekedwe a mchira basi, ndipo mudzaze tsamba ndi tizithunzi tating'ono tambiri. Kabawi wa mlomo wachikasu, amene amafika kuno cha mu Ogasiti n'kuchoka cha mu Malichi, amadziwika ndi mchira wa mphanda umene amaupotoza uku ndi uku akamazungulira pamwamba pa msika. Kakowa pouluka amapinda khosi n'kulibweza m'mapewa, miyendo itatambasukira kumbuyo. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika cha mu Okutobala ndi Novembala n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo amakonda kundandalika pamawaya a magetsi, kumene mungawajambule mosavuta. Pali mbalame zina zakuda zofanana nawo, za chigamba choyera pamwamba pa mchira ndi mapiko owonda opindika, zimene zimamanga zisa pansi pa milatho ndi m'makhonde a nyumba zazitali. Izo sizitera pawaya konse, choncho mukaona yotera pawaya dziwani kuti si imeneyo.

Utoto si wokakamiza. Mapensulo amitundu ndi osavuta kunyamula ndipo sakwinyitsa pepala. Amene akufuna utoto wa madzi adziwe kuti ku Tete umauma burashi isanafike kumapeto kwa phiko, choncho ndi bwino kupaka mutabwerera kunyumba, pamthunzi, motsatira zimene munalemba. Pachifukwa chimenechi, mudakali pamalopo kokani timizere kuchokera ku ziwalo za mbalame n'kulemba mawu achidule, monga akuti diso lofiira, miyendo yapinki, pamimba poyera. Mukadalira kukumbukira, pofika madzulo mutu udzakhala utasakaniza mbalame ya lero ndi ya dzulo.

Zolemba za pa tsamba ndi theka la ntchito, ndipo ine ndimaona kuti tsamba lopanda tsiku ndi malo ndi lotayika ngakhale likhale lokongola. Lembani tsiku, ola, dera, mmene kunja kunalili, mtengo umene mbalame inaterapo, chimene inkadya, ndi kuchuluka kwake. Lembani kulira kwake monga mwakumvera m'khutu lanu. Ikani dzina limene anthu a pamalopo amaitchula, kaya ndi m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chipwitikizi, ndipo ngati dzinalo simukulidziwa siyani mpata woti wolandira bukulo alembepo ndi pensulo. Musamatemo nthenga zenizeni, zigoba za mazira kapena udzu wa m'chisa. Zinthu zimenezi zimabwera ndi tizilombo todya mapepala, ndiponso zikhoza kuimitsa bukulo pamalire.

Buku lisanayambe ulendo, gulu ligwirizane malamulo ochepa n'kuwalemba pa tsamba loyamba. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi okwanira, chifukwa akachuluka bukulo limatha chaka lisanabwerere ndipo oyamba amataya mtima. Aliyense akhale nalo masabata awiri ndipo adzaze masamba anayi. Pa tsamba lomwelo lembani ndondomeko ya mayina ndi matauni, ndi nambala imodzi ya foni yoti aimbe amene angalitole litasochera. Palibe amene ali ndi ufulu wokonza chithunzi cha mnzake, koma ndi bwino kusiya kachigawo pansi pa tsamba lililonse koyankhirapo. Gwirizananinso za mwini bukulo likamaliza ulendo wake. Njira yosakhumudwitsa munthu ndi yakuti aliyense ayambitse buku lake, mabuku onse azizungulira pa nthawi imodzi, ndipo lililonse lithere kwa amene analiyambitsa. Mukafuna kuti kufananitsa kukhale ndi tanthauzo, sankhani mbalame imodzi yopezeka konse, monga khwangwala kapena pumbwa, yoti aliyense aipatse tsamba limodzi, masamba otsalawo akhale a zimene wakonda.

Kutumiza ndi kumene mabuku ambiri amafera. Musanalitulutse m'nyumba, jambulani masamba anu onse ndi foni pamalo owala, n'kutumiza zithunzizo ku gulu lanu la WhatsApp, kuti buku likatayika ntchito isatayike yonse. Ikani pepala lopyapyala pakati pa masamba a pensulo, mangani bukulo ndi kalamba kuti lisamatseguke, likulungeni m'pulasitiki kawiri, kenaka muliike pakati pa makatoni awiri okulirapo pang'ono musanalilowetse m'envulopu. M'nyengo yamvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pulasitikiyo musaiiwale ngakhale ulendo ukhale waufupi.

Mu 2021 boma linaganiza zothetsa kampani ya positi ya Correios de Moçambique, choncho gulu lisawerengere positi ofesi monga kale, koma lifufuze njira imene ikugwira ntchito kwa aliyense. Pakati pa mizinda ikuluikulu pali makampani otumiza katundu amene amapereka lisiti ndi nambala yotsatira phukusi. Pakati pa Tete, Moatize, Ulongwe ndi Furancungo njira yodalirika kwa ambiri ndi shapa, minibasi yonyamula anthu. Perekani phukusi m'manja mwa dalaivala, osati kwa munthu wongoitanira anthu pasiteji, ndipo mumupemphe kuti alisunge kutsogolo, kutali ndi matumba a nsomba zouma ndi zigubu za mafuta. Lembani nambala ya galimoto ndi foni ya dalaivalayo, mutumize kwa wolandira nthawi yomweyo pamodzi ndi ola limene galimoto yanyamuka, ndipo wolandirayo akadikire pasiteji yekha. Ndi bwino kugawa malipiro, theka ponyamuka ndi theka pofika, ndipo ngati wotumiza ndi amene akulipira zonse, M-Pesa kapena e-Mola imafikitsa gawo lachiwirilo phukusi likangolandiridwa.

Ngati m'gulu muli mnzanu wa ku Malawi kapena kutsidya kwa nyanja, a ku Angónia amene amawoloka pa Calómuè akhoza kukatumizira ku positi ofesi ya ku Dedza. Pemphani kuti phukusi likhale lolembetsa, musunge lisiti, ndipo ngati likupita kutsidya kwa nyanja, pa kafomu ka kasitomu ya pamalire kotchedwa CN22 mulembe momveka kuti ndi buku la zojambula pamanja, losagulitsa. Timaphukusi ta mtundu umenewu timaloledwa mpaka makilogalamu 2, kotero buku lanu lili kutali ndi malire amenewo. Ulendo wotere umatenga nthawi yosadziwika, ndiye mnzanu wakunjayo aikidwe kumapeto kwa ndondomeko, kuti ena asakhale manja lende akudikira.

Wolandira adziwitse gulu tsiku lomwelo kuti buku lafika ndiponso mmene lafikira. Ngati lanyowa, alitsegule pamthunzi podutsa mphepo, aike mapepala ouma pakati pa masamba n'kulitsindika ndi chinthu cholemera, osaliyanika padzuwa chifukwa masamba amapindika. Alisunge m'pulasitiki yake pamalo okwera, kutali ndi khoma limene chiswe chimakwera, ndipo masabata ake awiri ayambe kuwerengedwa kuchokera pa tsiku limene walilandira.